Zithunzi za M'chipinda cha Cornelio

Ongar, Dublin
14 Novembala

Okondedwa Amayi,

Ndikupatsani moni kuchokera kuno kozizira. Kodi muli bwanji, nanga mwendo uja ukulola kuyenda? Ine, bambo a Luso ndi mdzukulu wanu Luso tili bwino. Amene sali bwino ndi mwana wanu Cornelio. Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa masiku ano amamvetsera chilichonse chimene ndikuyankhula m'nyumba muno. Mayi Chanda, mnzanga wa kutchalitchi amene akubwera kumudzi, ndiye akupatsireni pamanja.

Mukudziwa kuti Cornelio amagwira ntchito yotulutsa katundu m'nyumba za anthu omwalira. Mu Ogasiti anakalongedza nyumba ya nkhalamba ina ku Rathmines, ndipo ana a malemuwo anamulola kutenga mpukutu wa zithunzi zakale zimene zinali zoti zitayidwe. Ndi zamapepala achikasu, zojambulidwa ndi timizere takuda tokhatokha, ndipo m'munsi mwake muli mawu a Chifalansa. Zikuonetsa anthu akupembedza milungu yawo: ena agwada pamaso pa fano la mutu wa galu, ena akuthira vinyo pamoto. Chachikulu kwambiri ndi cha anthu ovala zoyera, opanda nsapato, ali pamzere kuperekeza ng'ombe yovekedwa maluwa kupita nayo kuguwa. Kumbuyo kwa ng'ombeyo kuli munthu wonyamula nkhwangwa.

Poyamba tinkaseka. Anazipachika m'chipinda chake n'kumati nayenso tsopano ndi mwini chuma cha azungu. Koma pofika Okutobala anayamba kukhala pa bedi maola ambiri akuyang'ana chachikulu chija. Tsiku lina anandiitana kuti ndiwerenge anthu a pamzerewo. Ndinapeza khumi ndi mmodzi. Iye anati ayenera kukhala khumi ndi awiri, ndipo anandilozera mpata umene uli pakati pa ng'ombe ndi wankhwangwa. Anati malo amenewo anasiyira iyeyo.

Kuntchito anasiya kupita. Abwana ake aimba kawiri, iye osayankha. Chakudya sadya nafe. Ndikalowa kukasesa ndimapeza mkaka m'kapu ndi buledi zili pansi pa chithunzicho.

Ndinaitana Bambo Benedicto, wansembe wa kwathu konkuno, amene anaphunzira Chifalansa. Anawerenga mawu aja n'kumufotokozera modekha kuti zithunzizo anazidinda ku Paris zaka mazana awiri zapitazo. Anati mmisiri ankazokota pa mkuwa n'kusindikiza pa pepala kuti ophunzira aone mmene anthu akale ankapembedzera, ndipo milungu imeneyo ilibenso woipembedza. Cornelio anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, kenaka anati n'chifukwa chake ili ndi njala. Bambo Benedicto anandikokera panja n'kundiuza kuti apitiriza kumupempherera, koma ndisachedwe kupita naye kwa dokotala.

Bambo a Luso akufuna tingoziwotcha zithunzizo. Lachiwiri ndinayesa kuchotsa chimodzi chokha Cornelio ali kubafa. Sindinamumve akulowa. Anandigwira dzanja mwamphamvu moti mpaka lero pali chizindikiro, ndipo anandiyang'ana ngati sanandionepo chibadwire. Amayi, mwana amene ndinkamubereka kumsana popita kuchigayo! Atandisiya analira, n'kupepesa, n'kunena kuti ndikadzayesanso anthu a m'chithunzi aja adzatenga wina wa m'nyumba muno m'malo mwake. Kuyambira tsiku limenelo Luso akugona kwa Mayi Chanda.

Dzulo ndinapita ndekha kwa dokotala, poti Cornelio anakana. Funso loyamba la dokotalayo linali lakuti kodi m'banja mwathu alipo amene anadwalapo matenda a maganizo. Ndinamuuza kuti ndiyamba ndafunsa inu.

Amayi, pempho langa ndi limodzi, ndipo mundikhululukire. Munatiuza kuti Ababa anamwalira ndi malungo aakulu. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, koma ndikukumbukira mutabisa makasu ndi zikwanje kwa a Malume Hosea. Ndikukumbukiranso Ababa ataimirira pabwalo dzuwa lili paliwombo, akuyankhula ndi mtengo wa mango, inu mukutilowetsa m'nyumba. Atawatenga pa galimoto sitinaonenso nkhope yawo, ngakhale pa maliro. Ndiuzeni zoona. Zinayamba bwanji, zinatenga miyezi ingati, ndipo anafa imfa yotani? Sindikufunsa kuti ndikuimbeni mlandu. Dokotala akuti zimenezi zimuthandiza kudziwa ngati tingadikire kapena amutenge Cornelio msanga, afune asafune. Musadikire wobwera kuno. Pitani kwa achemwali a Towera mukandiimbire Lolemba m'mawa, ndidzakhala ndili kuntchito kumene iye sangamve.

Ndimati ndilekere pomwepa, koma Cornelio wangotuluka kumene m'chipinda chake. Wameta mpala, wasamba, ndipo akuoneka wosangalala kuposa masiku onsewa. Wandipatsa foni yake ndi jekete lake latsopano lija, akuti sazifunanso. Wandipempha kuti ndikupatseni moni, ndikuuzeninso kuti musadandaule za iye chifukwa a m'chithunzi aja amuuza tsiku. Ndamufunsa kuti tsiku lanji, wangomwetulira.

Sindidikiranso Lolemba. Ndikangomata envelopu iyi ndiimbira dokotala, ndipo lero kuntchito sindipita. Komabe mudzandiimbire, yankho lanu ndikulifuna.

Mundiperekere moni kwa a Malume Hosea ndi azakhali, kwa achemwali a Towera ndi alamu, ndi kwa ana onse. Agogo musawauze kanthu panopa. Mutikumbukire pa Misa Lamulungu.

Ndine mwana wanu,
Tisungane