Ufa umene amalume anakwirira

Maputo,
9 Agosto 1998

Okondedwa akulu anga a Vaileti,

Ndayamba ndi kufunsa moyo wanu, wa alamu ndi wa ana kumeneko ku Mualadzi. Amayi akudzuka bwanji masiku ano? Miyendo ija ikutupabe? Kuno ine ndi amuna anga a Lourenço tili bwino, kungoti mphepo ya mwezi uno yatipatsa chimfine tonse awiri.

Kalata yanu ndinalandira, ndipo ndinaiwerenga ndili chiimire pakhomo. Ndakwiya, sindibisa. Mwati ufa uja ndinatumizira amayi chifukwa cha matenda awo a shuga, amalume a Bento anaukumbira dzenje kuseri kwa khola, n'kuikapo mwala kuti ngakhale nkhuku zisaufukule. Mwatinso alamula kuti ndisiye ntchito ndibwere kumudzi, ati ndikuthira mankhwala oletsa kubereka m'zakudya za anthu. Umboni wawo ati ndine amene: zaka zinayi pabanja, kumbuyo kulibe mwana.

Kumene mantha amenewa achokera ndikukudziwa. Ndinali komweko ku kampu ya othawa nkhondo ku Zambia pamene mphekesera inawanda yoti ufa wachikasu wa chithandizo uli ndi mankhwala otseka mimba. Ndikukumbuka amayi akuusefa katatu, ife atsikana n'kutipatsa mbatata za paganyu, iwo n'kumadya ufawo okha. Koma akulu anga, tawerengani ana amene anabadwira m'kampu muja. Anu awiri ali pomwepo. Nkhondo inatha, tinabwerera, minda tinaswanso mphanje, koma mutu wa amalume ukadali pamzere wolandirira ufa.

Ntchito yanga ndi iyi, ndipo muwafotokozere momwe ndalemberamu. Ku laboratoriyo, kumene timafufuza za zakudya, timapera chinangwa n'kuchifinyira m'madzi. Pansi pa beseni pamadikha ufa woyera wosalala kwambiri. Umenewo ndiwo umasanduka shuga m'thupi munthu akadya, ndipo umasanduka msanga. Ife timausakaniza ndi asidi wa mandimu, yemwe uja amakuchititsani tsinya mukaluma ndimu. Timauumitsa, timauwotcha mu uvuni maola angapo, kenaka timautsuka mpaka kuwawasa konse kuthe. Ukatero mimba siutha kuugaya msanga, ndipo wina umangodutsa ngati gaga. Gawo langa ndi kuyesa. Ndimathira ufawo m'timabotolo tokhala ndi madzi onga a m'mimba, n'kumalemba shuga amene watuluka pa theka la ola, pa ola, ndi pa maola awiri.

Ndiye chachilendo n'chiyani pamenepa? Inu mumaviika mphale masiku atatu kuti ufa uyere. Chinangwa chowawa mumachiviika kuti chisaphe munthu. M'therere mumathira chidulo. Palibe anakuitanirani bwalo. Ine kungovala chovala choyera basi, ndasanduka mfiti.

Komanso amayi apitirira zaka makumi asanu ndi limodzi. Amalume akuopa kuti alephera kubereka ndani? Mwati akuopera adzukulu onyambita mphika. Pamenepo ndaseka ngakhale ndili wokwiya.

Chimene chikundiwawa ndi ichi. Chibwerereni kwathu, palibe amene amatha kuwakaniza amayi chakudya. Tonse tinawaona atatsala mafupa okhaokha ku kampu, ndiye lero aliyense wobwera kudzawaona amanyamula thobwa lothira shuga, ati achire njala ija. Inu nomwe mwalemba kuti maso awo ayamba kuchita chifunga, ndipo a enfermeiro, anamwino aja a ku Chifunde, anachenjeza kale kuti kadyedwe kakapanda kusintha adzasiya kuona. Tikuwapweteka ndi chifundo chathu chomwe. Ufa wangawu sungawachize, ndipo mapiritsi asasiye ngakhale tsiku limodzi. Ndikungofuna kuti phala lawo la m'mawa lisamakweze shuga msanga. Amene anatitchinjiriza ku ufa aja ndi omwe lero akumanidwa ufa wowathandiza, ndipo ine zimenezo sindivomera.

Ntchito sindisiya. Ndinalowa muno ndili wotsuka mabotolo, a Doutora amene amatiyang'anira anaona kuti ndimafunsafunsa, anandiphunzitsa sikelo ndi manambala, lero zotsatira zimasainidwa ndi dzanja langa. Amalume ndimawalemekeza, ndi iwo anatisenza pamutu powoloka malire. Koma pa nkhani iyi alakwa, ndipo ndidzawauza ndekha ndili chogwada.

Pempho langa ndi limodzi. Ndatumizanso ufa wina kudzera mwa a Jester, oyendetsa lole aja a njira ya ku Cassacatiza. Adzausiya kwa alongo awo pamsika kumapeto a mwezi uno. Alamu akautenge panjinga, ndipo musunge m'nyumba mwanu, osati kwa amayi. M'mawa muziphika phala, supuni imodzi ya ufa wanga pa ziwiri za mgaiwa, lopanda shuga. Musaphike mobisa ayi. Muziphikira pabwalo, wofuna kufunsa afunse.

Tsopano ndime iyi muwawerengere amalume mokweza, amayi ali pomwepo. Ndikudziwa kuti nkhani yotere salemba m'kalata, amadikira kuti anthu aone okha, ndipo ndinkafuna amayi aimve ndikuwanong'oneza. Andikhululukire, amalume ndiwo andikakamiza. Phala la ufa umenewu ndakhala ndikudya m'mawa uliwonse kuyambira chaka chatha, chifukwa sindingapatse amayi chinthu chimene sindinalawe. Ndipo lero ndili ndi pakati pa miyezi isanu. Mwezi wa Outubro ndibwera kuti anamkungwi andilange za chisamba monga mwa mwambo. Akakatha, ndikwera basi kubwerera ku mabotolo anga.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndikufuna mwanayu adzamuone ndi maso awo, osati kumupapasa ndi manja. Moni kwa alamu, kwa azakhali, kwa alongo athu a João ndi akazi awo, ndi kwa ana nonse. A Lourenço nawonso akupereka moni. Amalume a Bento muwapatse moni mwaulemu wonse, ndipo muwauze kuti ayambe kuganiza dzina, chifukwa mwanayu adzamutcha ndi iwo.

Tsalani ndi mtendere wa Ambuye.

Ndine mng'ono wanu,
Zélia