Khomo la Anthu Khumi

Kachulu, Zomba
9 Febuluwale 2024

Okondedwa achimwene a Medson,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kalatayi ndalemba pamanja ndipo ndiijambula n'kutumiza pa foni, chifukwa zimene ndikufuna kukuuzani sindingazinene poimba. Kuno mvula yakwana, mpunga wa amayi wabiriwira, koma nyanja ya Chilwa sikutipatsa mtendere.

Mukukumbuka ntchito ija munkandiseka nayo kuti ndikuphunzitsa nsomba kompyuta. Asodzi a m'gulu lathu amadina nambala pa foni n'kulandira uthenga wa mphepo asanalowe m'madzi. Uthengawo si wanga. Pulogalamu yanga imakaupempha pa intaneti ku kompyuta ya bungwe lina, ndipo khomo lopempherapo ndi limodzi. Mu Disembala asodzi anadina onse nthawi imodzi, eni khomowo n'kutitsekera tsiku lathunthu. Ndiye ndinaika malire: mafoni khumi okha azilowa nthawi imodzi, wina akatuluka wina alowe, ngati boti ya ku chilumba cha Chisi.

Pamenepo sindinalakwe. Ndinalakwa pa otsala panja. Anthu akwathu mukuwadziwa, ukawauza kuti "yesaninso" amadina mpaka chala kuwawa, mzere n'kumangokula. Ine pofuna kuchenjera ndinakonza zoti wotsala panja azilandira uthenga womaliza umene tinasunga, ndipo sindinaikepo tsiku. Ndinkati nyengo singasinthe pa mphindi ziwiri. Sindinaganize kuti m'mamawa, khomo likangotsegulidwa, uthenga wosungidwawo umakhala wadzulo.

Lachiwiri m'mawa ababa anadina tili pakhonde. Anawerenga n'kuseka.

"Makina akowa akuti bata, Tamara. Mawondo angawa akuti chimphepo, koma nanga mawondo anapita kusukulu?"

Ananyamukira pa kadoko ka kuseri kwa mudzi, osadzera padoko lalikulu la Kachulu pomwe akanamva kwa anzawo. Ankapita ku chimbowera chawo, kanyumba koyandama kaja amagonamo akamapha nsomba. Masana kunja kunada bii, kunabwera mphepo yosasula madenga.

Lero ndi Lachisanu. A Swalehe, eni boti ya injini, apita kawiri kukafufuza. Chimbowera anachipeza chitang'ambika pakati, mbaula ndi bulangete zili pomwepo, bwato palibe. Akuti mwina mphepo inawakankhira kuseri kwa Chisi kumene netiweki imavuta. Koma polankhula sakundiyang'ana m'maso.

Dzulo ndinatsegula kaundula wa pulogalamu. Pa 6:04 m'mawa uja munali anthu khumi mkati, onse analandira chenjezo ndipo palibe amene analowa m'madzi. Nambala ya ababa inafika ya khumi ndi chimodzi. Achimwene, ndikuopa. Sindinauze munthu aliyense, ndinu oyamba.

Malirewo sindingawachotse, eni khomo aja angatitsekere tonse, ndipo mitambo yayambanso kuunjikana chakum'mawa. Ndasintha mawu okha. Tsopano wotsala panja akuwerenga kuti, "Mzere wadzaza, musanyamuke." Zinanditengera mphindi zitatu basi kulemba zimenezo, ndipo ndi zimene zikundipweteka kwambiri.

Amayi akumakhala padoko tsiku lonse, boti iliyonse ikafika akuimirira. M'mawa uno anandipatsa foni yawo.

"Tafunsa makina akowo, mwanawe, atiuze kumene ali abambo ako. Paja iwo sanama."

Ndinadina, kuti ndisawakhumudwitse.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. A Swalehe akupereka moni. Amayi nawonso akupereka moni, ati musade nkhawa, musasiye ntchito, ababa abwera. Amenewo ndi mawu awo ndipo ndawalemba monga anandituma. Anga ndi awa: pemphani tchuthi kwa abwana anu, mubwere. Pali zoti ndiwauze amayi, ndipo sindingathe ndili ndekha.

Ndine mlongo wanu,
Tamara