Mkamwini akugulitsa galimoto yake chifukwa cha ine

Aphungu,

Ine sukulu ndinalekezera sitandade 3, choncho kalatayi akundilembera Mayi Chrissie a kumpingo kwathu. Ndawauza kuti asawonjezepo mawu awo.

Ndili ndi zaka 71. Kwathu ndi ku Ntchisi, koma ndikukhala ku South Bend kwa mwana wanga Magdalene, yemwe ndi namwino. Amuna ake, bambo a Shalom, ali ndi galimoto yakale ya konkuno ku America, yofiira, ya zitseko ziwiri zokha, yaifupi ngati kamba. Akuti yayenda mamailosi 240,000. Ndi yomwe ankayendera pomufunsira mwana wangayo. Loweruka lililonse amalowa kunsi kwake ndi masipanala, kusintha oyilo, kupala dzimbiri lobwera ndi mchere umene amathira m'misewu nyengo yachisanu. Akaliza injini amatchera khutu ngati mayi womvetsera kupuma kwa khanda. Za magalimoto sindizidziwa, koma ndimanyadira kuti mwana wanga anapeza munthu wosataya zinthu.

Kawiri pamwezi amandiperekeza ku Indianapolis kukaona mwana wanga wina, Upile, amene akudwala. Magdalene amakhala atapita kuntchito ndi galimoto yake, ndiye timangokhala awiri. Inu mukudziwa, Aphungu, mpongozi sakhala phewa ndi phewa ndi mkamwini. Ndimawapempha apinde mpando, ine n'kukwawira kumbuyo. Kumbuyoko n'kothina, mawondo amafika pachibwano. Maola awiri ndi theka! Ulendo wathawu miyendo inachita dzanzi, ndinakanika kutuluka mpaka Upile, wodwala yemweyo, anachita kundikoka.

Pobwerera bambo a Shalom anati, "Amayi, khalani kutsogolo kuno muwongole miyendo." Ine ndinati, "Ayi bambo, konkuno kuli bwino." Chifukwa chake sindinanene. Iwo anakulira m'tauni, mwina akuyesa kuti ndimaopa liwiro.

Tsopano amata pepala pagalasi la galimotoyo kuti ikugulitsidwa. Ndinawamva akuuza Magdalene kuti, "Ndaiposita kale pa intaneti. Ndipeza ya zitseko zinayi, amayi asamavutike." Amanena zimenezi akuipukuta, osayang'ana mkazi wawo. Wogula akubwera Loweruka. Ndichite bwanji kuti ndisaphwanye mwambo, komanso ndisawalande chinthu chawo?

E.K., South Bend

Amayi E.K.,

Inu mukupirira dzanzi pofuna kulemekeza mkamwini wanu, iye akutaya galimoto yake pofuna kukulemekezani. Nonse mukuchita bwino, chasowa n'kuuzana basi.

Mwambo mukusungawo ndi wabwino, koma unabadwira kumene njira n'zotakata, munthu akaona mkamwini amangopatuka. Makolo sankadziwa za galimoto ya zitseko ziwiri. Ndipo makolo omwewo anasiya khomo: mpongozi ndi mkamwini amamasulana ndi kamphatso.

Lero lomwe muitaneni Magdalene, mumuuze chifukwa chenicheni chimene mumakanira kutsogolo, iye akafotokozere mwamuna wake. Mumutume akugulireni botolo la oyilo, mtundu umene bambo a Shalom amathira. Mulipereke kwa mkamwiniyo ndi dzanja lanu, Magdalene ali pomwepo, munene kuti, "Bambo, kuyambira lero ndinu mwana wanga, ndizikhala kutsogolo." Mukatero khalanidi kutsogoloko, mumange lamba, ndipo pakati pa ulendo muziima muyendeyende pang'ono.

Popeza galimotoyo yakalamba ndipo ikunyamula inu, apite nayo kwa makaniko chisanu chisanayambe, akaone mabuleki, matayala ndi pamene dzimbiri ladya kunsi. Zambiri zamtunduwu zimakankha ndi matayala akumbuyo ndipo zimaterereka msanga, choncho tsiku logwa chipale chofewa azisinthana magalimoto ndi Magdalene, kapena ulendo udikire.

Mkamwiniyo akamva zonsezi n'kufunabe kugulitsa, musiyeni, ndi yake. Koma chenjerani, Amayi, musadikire kuti azindikire yekha, Loweruka silili patali. Akaigulitsa asakudziwa, munthu ameneyu sadzakudandaulirani ngakhale tsiku limodzi, ndipo chimenecho ndicho chidzakupwetekeni.

Aphungu