Chimanga cha mafunso

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumeneko komwe munapita?

Kuno ku Nkomeshya tilipo. Akazi a ba Lazaro, mwana wanu woyamba, anabereka mwana wamkazi ndipo tamupatsa dzina lanu. Mvula inadula chimanga chisanamasule, moti munda waukulu sunatipatse kanthu. Mbuzi yamawanga ija tinagulitsa.

Ndikulemberani za kamunda ka kuseri kwa khola, komwe munalola anthu a kafukufuku wa boma kuyesa mbewu zopirira chilala. Munkandiuza kuti, "Tisa, ichi si chakudya, ni chimanga cha mafunso. Ukasakaniza mizere, yankho lathawa." Sindinasakanize, Amayi. Chiswe chitadya zikhomo zawo, ndinang'amba chitenje chanu chakale, mzere uliwonse kansalu ka mtundu wake. Ndinakolola mzere ndi mzere, uliwonse m'thumba lakelake. Wa kansalu kofiira ndiwo unabereka bwino padzuwa lonselo.

Koma galimoto yawo sinabwerenso chichokereni inu. Ndinadikira mpaka fumbi la masika linatha.

Mwezi watha kunabwera ba Phiri, aja aatali omwe ankayeza zisononkho ndi kachingwe. Anakwera minibasi mpaka ku Chalimbana, kwinako anayenda pansi. Anati ndalama za kafukufuku sizinatuluke, mafuta a galimoto palibe, ndipo anzawo ena anapita kukagwira ntchito kunja. Mbewu zomwe ankasunga m'chipinda chozizira zinaonongeka makina atafa. Ataona matumba anga anakhala pa mtondo. Kenako anati, "Mayo, nilibe posungira. Zili bwino kuno kuposa kwathu." Ndinafuna kufunsa kuti adzabweranso liti, koma mukudziwa manyazi anga pamaso pa alendo. Ndinangowapatsa madzi.

Atapita, ba Lazaro anakalipa. "Iwe, mwana azayamwa mafunso? Amake alibe mkaka, vimanga vili m'nyumba!" Sananame, Amayi. Ndamuona mwanayo akukoka bere n'kulisiya, akulira mopanda mawu.

Dzulo matumbawo anapita kuchigayo pa njinga. Ndinawaona ba Lazaro akukhuthulira chonse m'chidebe chimodzi, cha kansalu kofiira ndi cha kobiriwira pamodzi, ndipo ndinayang'ana kumbali. Koma asananyamule ndinatapa kapu imodzi m'thumba lililonse. Ndathira m'mabotolo pamodzi ndi phulusa kuopa anankafumbwe, ndipo botolo lililonse ndalimanga pakhosi kansalu kake. Ali pansi pa bedi lanu.

Sindidziwa funso lonse lomwe anthu aja ankafunsa chimangachi, Amayi. Inu ndinu munkamva zimenezo. Mwina sadzabweranso kudzamva yankho. Komabe mvula ikagwa ndidzabzala, mzere ndi mzere, monga munandionetsera, ndipo ndidzasiya kanjira pakati kuti wobwera ndi kachingwe apeze podutsa.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene sadzasakaniza,
Tisa