Mbira ya Eveles Yadya Mankhwala Mwakuba

Okondedwa Amayi,

Mwadzuka bwanji kumeneko ku Ntchisi? Nanga bondo lija likukulolani kupita kudimba? Ife kuno ku Senga Bay tilipo, kungoti dzuwa lanyanya, kabaza ndikupalasa movutikira.

Nkhani ndi ya mbira munatipatsa ija. Inu munati tiphe kuti mdzukulu wanu Eveles amwere msuzi akachira malungo. Koma mwanayo anaipatsa dzina, akuti Shuga, ndiye mpeni tinangoubweza pamalo pake.

Mwezi watha mbirayo inadwala. Ubweya kuthothoka, miyendo yakumbuyo kukoka, gaga osamuyang'ana n'komwe. Eveles naye anati sadya mpaka Shuga adye. Amayi, mwana wongochira kumene, nthiti zikuonekera, n'kumakankha mbale ya phala! Ndinamuopseza, ndinamunyengerera ndi mandasi, osatheka. Ndinkapalasa njinga mtima uli kunyumba.

Ndinaiika m'katoni kupita nayo kwa alangizi a ziweto ku Salima. Anzanga pasiteji anandiseka kuti ndayamba kutengera ndiwo kuchipatala, wina n'kufunsa ngati kasitomalayo akhala bwino pakaliyala. Alangizi anati vuto ndi gaga yekhayekha amene tinkaipatsa udzu utauma, mbira imafuna zamasamba. Anandipatsa timapilisi ta mavitamini toti ndizisinja.

Ndinasungunula m'madzi, inanunkhiza n'kugubuduza kambale. Ndinawaza patsamba la kabichi n'kuilozetsa pakamwa, inatembenuka n'kundionetsa mbuyo. Nditayesa kuikanula kukamwa ndi supuni inandiluma chala, mpaka pano buleki ndikugwira mwaulemu.

Anatithandiza ndi mayi Kulusumu, aneba athu ogulitsa masamba, ngakhale iwo anabwera kudzakalipa. Anati mbira yathu yomwe tikuti ikufayo yadzikoka mpaka padengu lawo n'kuba tsamba la kholowa. Ndinaganiza pomwepo kuti kanthuka sikafuna zopatsidwa, kamafuna zakuba.

Tinanyowetsa kholowa, kupaka ufa wa mapilisi uja, kuika m'dengu n'kulipendeketsa pakhonde. Tonse tinayang'ana kumbali ngati tikucheza zina. Inabwera pang'onopang'ono, n'kusolola tsamba. Mayi Kulusumu anaomba m'manja n'kukuwa kuti wakuba, kuti isatulukire chinyengo. Inathawira nalo pansi pa mpando n'kulimaliza lonse, phesi lomwe! Ndinavina, Amayi, ine bambo wa mwana, pamaso pa aneba.

Tsopano ndi ntchito ya m'mawa uliwonse. Ubweya ukumera, ndipo ikuthamanga moti kuigwira n'kovuta.

Tsiku loyamba lija Eveles anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anaitanitsa phala lake. Koma anati nayenso akufuna kuba. Ndiye amake amasiya mbale pampando n'kutembenuka, iye n'kuithawitsira kuseri kwa chitseko, kubwera nayo ili mbee. Masaya ayamba kubwerera. Amake akudandaula kuti tikulera mbava. Ine ndati ayambe wanenepa kaye, za khalidwe mudzatithandiza inu mukadzabwera.

Pempho langa ndi limodzi. Achimwene a Martin akamabwera kudzapikula usipa, muwapatsire mbewu ya mbatata. Ndikufuna ndibzale kuseri kwa bafa kumene kumayenda madzi, chifukwa dengu la eni ake sitingalibere chaka chonse.

Mundiperekere moni kwa amalume, azakhali a ku Malomo, alongo anga ndi alamu onse. Apongozi anu, amake Eveles, akugwadirani, ndipo Eveles akuti agogo asadzabwere ndi mpeni.

Khalani ndi moyo wabwino.

Ndine mwana wanu,
Steven