Mawu Amene Sanali Papepala

Lachiwiri, 4 Marichi

Zoseketsa lero. Ndili mkati mokalipira dalaivala wa ufa amene anatseka khomo la shopu yanga, mtsikana wina wamagalasi akungondiyang'ana, pastizzi, kachitumbuwa ka nsawawa kamene ndimagulitsa, ikumuzizirira m'manja. Marthese, mdzukulu wa a Ċensa a kuseri kwa tchalitchi. Akuti akupanga filimu. "Anti Rożina, chaka chathunthu ndakhala ndikusaka nkhope ngati yanuyi." Ndamufunsa ngati ndi filimu ya mizukwa.

Ayi, akuti ndi ya mayi wachikulire amene akudzifunafuna. Ine zaka 53, sindinasowepo. Aliyense m'tauni yathu ya Qormi amadziwa kondipeza: pafupi ndi uvuni.

Lachisanu, 7 Marichi

Ndavomera. Mwina chifukwa amuna anga a Lippu anaseka mpaka kutsamwa ndi msuzi. "Iwe mufilimu? Kamera akaiika kuchilumba cha Gozo kuti ukwanemo?" Akunenawo ndi munthu amene mimba yake imafika ku Misa pa nthawi, mwiniwake n'kumafika pa ulaliki.

Malipiro: chakudya chamasana ndi dzina langa kumapeto.

Lamlungu, 23 Marichi

Filimu ndi kudikira basi. Anthu asanu ndi awiri, nyali ziwiri, galimoto yobwereka. Dzulo maola atatu ndili chiimire pawindo. Marthese: "Anti, ganizani za moyo wanu." Ine ndimaganiza za nsawawa zimene ndinaiwala kuviika. Akuti ndinachita bwino zedi, mpaka analira.

Mwamuna wanga wamufilimu ndi a Wiġi, opuma ntchito ku positi. Fungo la adyo lokhalokha, koma amandikokera mpando. Tsiku loyamba ndinayesa akufuna kukhalapo okha.

Lachitatu, 2 Epulo

A Ċensa andikola pakhomo la tchalitchi. "Ndamva mufilimumo mukuthawa banja. Mukalape." Ndawauza kuti wolemba ndi mdzukulu wawo, ayambe ndiye kulapa.

A Lippu, poti chiwapumitsireni kudoko alibe chochita, amandithandiza kuloweza mawu. Amawerenga mbali ya a Wiġi ndi mawu a bulu, kenako ulendo padenga kwa nkhunda zawo. Nkhunda iliyonse amaidziwa dzina ndi tsiku limene inaswa. Tsiku langa lobadwa linali Lolemba. Zii.

Loweruka, 12 Epulo

Gawo la kukhitchini. Ndimayenera kunena kuti, "Ndikupita, usandifunefune." Kasanu ndi kawiri, mawu akutuluka ngati ndikuitanitsa gasi. Marthese anati ndisiye pepala, ndilankhule zanga.

Ndinayang'ana a Wiġi, ndinaona munthu wina. Ndinati, "Ndinkafuna kukhala namwino, inu munati wodwala tili naye kale m'nyumba, mayi anu. Ndinawasambitsa zaka zisanu ndi zinayi. Pamaliro munathokoza ansembe, oimba, ngakhale wokumba manda. Ine ndinali kukhitchini, ndikutsuka makapu." Zina sindikukumbuka. Mbale imodzi inasweka. Sinali yathu.

A Wiġi anandipepesa. Zenizeni, misozi ili m'maso. Munthu wosalakwa!

Ndakasanza kubafa. Kenako njala yoopsa, mabuledi a ftira awiri ndekha.

Lolemba, 14 Epulo

Ndapempha Marthese achotse gawolo. "Anti, mukadzaliona n'kunena kuti ndi bodza, ndidzalichotsa." Kamtsikana kochenjera ngati agogo ake.

Lamlungu, 12 Okutobala

Filimu ija aionetsa masana ano muholo ya bandi ya m'tauni muno. Gawo lija lilimo. Ndinaliona mu Ogasiti, bodza sindinalipeze.

Holo yodzaza, a Ċensa kutsogolo, korona m'manja ngati mkwapulo. Nkhope yanga mufilimumo yaikulu ngati chitseko cha garaja. Koma tsitsi linali bwino, ndinene.

Kenako inafika kukhitchini. Mayi wina kumbuyo: "Auze, Roż!" A Lippu pambali panga osasuntha.

Pobwerera m'galimoto anangoti, "Mawu aja sanali papepala. Pepala lonse ndimalidziwa pamtima." Ndinati eya, sanalipo. Mpaka kunyumba, wailesi osayatsa.

Lachinayi, 16 Okutobala

Masiku anayi a Lippu akuyenda monyang'ama ngati m'nyumba muli maliro. Dzulo adzisitira okha shati, apsereza kolala. Ndinamva fungo, sindinadzuke pampando.

Kunyumba ya okalamba ya masisitere kuli maphunziro osamalira odwala, msinkhu uliwonse. Masiku atatu pa sabata, kuyambira Novembala. Ndalembetsa. Pamzere wa ntchito ndalemba "wosewera mufilimu". Sisitere anati anaionera kawiri, ndisauze munthu.

Lachisanu, 17 Okutobala

Ndawauza a Lippu pa khofi wam'mawa. Ndinakonzekera nkhondo, mayankho onse ali pamzere. Iwo maso pakapu. "Nanga shopu azitsegula ndani?" Ndinati inu. Anati pastizzi sadziwa kupinda. Ndinati nanenso sindinabadwe ndikupinda.

Mayankho anga onse apita pachabe. Zandinyansa pang'ono.

Loweruka, 18 Okutobala

Ali pansipa mushopu chiyambire m'mawa, epuloni yanga yamaluwa osafika kumbuyo. Thireyi yoyamba ngati nsapato zopondedwa ndi basi. Kasitomala wina wafunsa ngati pali kuchotsera mtengo. Sanapepese, a Lippu, ndipo sindikuganiza kuti amadziwa mmene amapepesera. Anangoti, "Undionetsenso, pang'onopang'ono."

Ngati ndikhala nawo mpaka kale, sindikudziwa. Sindinawauze zimenezo. Mufilimu mayi uja anakwera sitima ya ku Sicily, nyimbo n'kulira, basi. Kuno palibe nyimbo. Akundiitana, ndipo chinachake chikupsa