Mawu a Etta m'kagalimoto

Lolemba, 6 Okutobala 2008

Kalata yachitatu yochokera kugalaja, yolembera Mrs Etta Chirambo. Ulemu ndiye azungu ali nawo: mkazi wanga tinakamuika ku Zomba miyezi isanu ndi iwiri yapitayo, iwo akumupemphabe abwere ndi galimoto akapeza mpata.

Akuti akuitanitsa tigalimoto tamagetsi tonse ta mtundu uwu. Kompyuta yake ikumatizimitsa pakati pa msewu, ndiye aikemo pulogalamu yatsopano. Kwaulere. M'munsi timalemba ting'onoting'ono: zonse zosungidwa m'kompyutamo zidzafufutika.

Ndaibisa kuseri kwa buledi bini, komwe kuli zinzake ziwiri.

Lachitatu, 8 Okutobala

Etta anagula kagalimotoka pothawa msonkho wolowera m'tauni uja amati congestion charge, popita kuchipatala kuntchito. Ndinkakanena kuti ndi ayironi ya mateyala, poti kamagona ndi chingwe kukhoma. Iye ankati bola ayironi imafika, madigiri anu awiri akufikitsani kuti? Zoona. Andifikitsa ku Ilford, kosambitsa nkhalamba.

M'katimo muli kachipangizo ka foni, mayina anajambula yekha ndi pakamwa pake. Ukadina batani kamawatchula limodzi limodzi. "Luntha." "Wodi seveni." "Abusa." Langa lomaliza: "A Pulofesa opanda ofesi," kenako kuseka kwake kodukira pakati.

M'mawa uliwonse ndisanalize galimoto ndimadina. Kawiri, mwina katatu. Palibe akudziwa. Video ya ukwati inadyedwa ndi chinyontho kalekale. Mawu ake atsala apa basi.

Lachinayi, 9 Okutobala

Kagalimoto kazima pa maloboti a Ripple Road, mwana wathu Luntha akukayendetsa kuchokera kukoleji. Lole kumbuyo inaima kutatsala chikhatho chimodzi. Atafika kunyumba, pofuna buledi wapeza makalata atatu aja.

Wandikalipira m'Chingerezi, monga mwa nthawi zonse. Mwana uyu Chichewa amamva chonse, koma kuyankha amati lilime limakana. Ndinati kagalimoto kakungolira mwini wake, tikapepese. Sanaseke. Anafunsa ngati ndikufuna ulendo wina wa ku Zomba ndi bokosi.

Ndalonjeza kuti ndikapereka Lachiwiri. Ndiyambe ndajambula mawuwo. Foni yanga ndi ya m'nthawi ya atsamunda, sijambula. Ya Luntha imajambula.

Loweruka, 11 Okutobala

Ndinagogoda kuchipinda kwake kuti ndibwereke foni. "For what, Dad?" Ine amene ndimalemba nkhani zoseka nduna pa intaneti, ndimuuze mwana wanga wamkazi kuti bambo ake amalira m'ayironi m'mawa uliwonse? Kumaliro komwe ndinalira mwaulemu, kuseri kwa nyumba. Ndinati ndimafuna kuona nthawi.

Mawa.

Lamulungu, 12 Okutobala

Mawa.

Lolemba, 13 Okutobala

Kuntchito ndinapita pa basi. Pobwera masana, pakhomo mbee, chingwe chokha chili lende. Pafiriji kapepala: Luntha wakapereka yekha kugalaja, poti akundidziwa.

Ndinaimba kugalaja. Anandiimbira nyimbo za limba mphindi khumi, uku akunditsimikizira kuti ndine wofunika kwambiri kwa iwo. Ndinathamangira basi. Basi inaima pa siteji iliyonse, ngati ikupereka moni kwa achibale.

Makaniko wake ndi wa ku Zambia, dzina lake Crispin. Atamva dzina langa anasangalala.

"Ah, ba Malawi! Ba mudala, motoka yanu manje ili che bwino. Tafaka software ya nyowani."

"Nanga zimene zinalimo?"

"Vonse vayenda, ba mudala. Munali vofunika?"

Ndinati ayi, mawayilesi chabe. Anandipatsa thumba la pulasitiki: ambulera ya Etta, baji yake ya kuchipatala, maswiti atatu omatana. Anati anaopa zingasowe. Kenako fomu yoti ndichonge mmene ndakhutira, kuyambira wani mpaka faifi.

Ndachonga faifi. Munthuyo sanalakwe kanthu.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Ndinadina. Mayi wachizungu, mawu osalala, akuti mndandanda ulibe dzina.

Kagalimoto kakuyenda bwino zedi.

Loweruka, 18 Okutobala

Luntha anandipeza nditakhala m'galimoto pakhomo, kunja kukuwaza. Analowa mbali inayo. Sanafunse. Ndinangoyamba kunena ndekha, zonse, mpaka za foni ija.

Batanilo anali asanaligwirepo. Timalemba tija anawerenga, koma ankayesa akunena za wayilesi.

 Kenako anayankhula m'Chichewa, chopindika koma chomveka: "Adadi, munali ndi amami miyezi seveni. Nokha. Osandigawirako."

Nthabwala ndinaifuna, sinabwere.

Anapukuta m'maso ndi mkono wa juzi. "Ankati chiyani?"

Ndinamuuza. Luntha. Wodi seveni. Abusa. Langa ndinalinena motsitsa.

Anadina batani. Mayi wachizungu anapempha dzina. Luntha anayandikitsa pakamwa: "A Pulofesa opanda ofesi." Chichewa cha kuno ku Barking, cholemera ngati wanyamula thumba la simenti. Poyesa kuseka ngati mayi ake, kunatuluka kufwenthera.

Kachipangizo kanabwereza zonse, ndi kufwenthera komwe, n'kufunsa ngati tisunge kapena tifufute.

Luntha anandiyang'ana. Ndinadina kusunga.

"Tsopano langa," anatero. "Munene inuyo."